Tsitsi la mayi wa zaka 50 ndi nkhani ya kuchipatala

Mumzinda wa Mzuzu kubisa mutu sikuvuta. Chisanu cha June ndi July chimapatsa aliyense chifukwa chovalira chipewa, amayi a gulu la mpingo la Umanyano ali ndi maduku awo oyera, ndipo m'mashopu a m'tauni ndi pamsika wa Taifa mawigi ndi meshi zili mbwee. Choncho mayi wa zaka za m'ma 40 kapena 50 amene wayamba kuona tsitsi lochuluka likutsalira m'chipeso akhoza kutha zaka osauza munthu, kupatula mwina mtsikana womuluka kusaluni ku Chibavi kapena ku Katoto. Ena tsitsi lothothokalo amalikulunga bwinobwino n'kukaliponya m'chimbudzi poopa kuti wa mtima woipa angalitole. Kuchipatala sapita nalo, chifukwa amadziwiratu kuti pamzere wa anthu odwala malungo ndi chibayo, kunena kuti tsitsi likutha n'kudziseketsa. Ine ndikuti manyazi amenewa akutipweteketsa. Tsitsi likayamba kupyapyala pamsinkhu wosiya kusamba, chimakhala chizindikiro cha m'thupi chofunika kuti wachipatala achione msanga, pakuti zina mwa zoyambitsa zake n'zochizika ndi mankhwala otchipa, pomwe zina zikachedwa kudziwika zimapha mizu ya tsitsi mpaka kalekale.

Munthu amakhala ndi mizu ya tsitsi pafupifupi 100,000 m'mutu, ndipo muzu uliwonse uli ndi nyengo zake. Umakuza tsitsi kwa zaka 2 mpaka 6, kenako umapuma pafupifupi miyezi itatu, tsitsilo n'kugwa, lina n'kumera pomwepo. Kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda ayi. Homoni ya esitirojeni, imene imapangidwa m'matumba a mazira a mayi, imatalikitsa nyengo yokulayo, ndipo umboni wake mayi aliyense amene anaberekapo anauona ndi maso: ali woyembekezera tsitsi limadzaza mutu, koma mwana akakwanitsa miyezi itatu kapena inayi limayoyoka mochititsa mantha, kenako n'kubwerera. Pamsinkhu wosiya kusamba, umene bungwe la WHO limati amayi ambiri amaufika ali ndi zaka 45 mpaka 55, esitirojeni imayamba yakwera ndi kutsika kwa zaka zingapo, msambo n'kumadumphadumpha, kenako imatsikiratu osakweranso. Mahomoni achimuna, amene mayi aliyense ali nawo pang'ono, satsika mofulumira chotero, ndiye amapeza mpata. Mizu ya pamwamba pa mutu imayamba kufota, tsitsi lomera limakhala lopyapyala ndi lalifupi kuposa lomwe lagwa, mzere wa pakati pa mutu umanka nukula, ndipo amayi ena amadabwa kuona timandevu tikutuluka pachibwano pomwe kumutu kukuchepa. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Chulalongkorn ku Thailand, amene anatuluka mu 2022, anapima amayi 178 a zaka 50 mpaka 65 osiya kusamba ndipo anapeza kuti 52 mwa 100 alionse anali ndi vuto la mtundu umenewu. Ndi nkhani ya theka la amayi, osati ya munthu mmodzi wa tsoka.

Zikanakhala kuti mahomoni okha ndiwo amachititsa, mwina tikanangoti ndi ukalamba, tipirire. Koma zaka zomwezi ndi zimene mavuto ena amakumaniranamo, ndipo onse amatulukira kumutu. Msambo usanathe, amayi ambiri amataya magazi ochuluka kuposa kale, ena chifukwa cha zotupa za m'chiberekero, ndipo thupi likaperewera ayironi tsitsi ndi limene limayamba kumanidwa, poti thupi limasungira ziwalo zofunika kwambiri. Amayi athu amalowa m'nyengoyi magazi ali ochepa kale: kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali woperewera magazi. Mumzinda wozizira ngati uno, mmene tiyi amatsagana ndi chakudya chilichonse, ndi bwino kudziwanso kuti tiyi womwera pomwepo pakudya amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi bonongwe. Palinso chithokomiro. Chikafooka, munthu amatopa, amanenepa, amamva kuzizira, msambo umasokonekera, tsitsi limauma n'kumathothoka, ndipo zonsezi zimafanana kwambiri ndi zizindikiro za kusiya kusamba moti n'kosavuta kuzisokoneza. Pomaliza pali kuyoyoka kumene kumabwera miyezi iwiri kapena itatu munthu atadwala malungo aakulu, atachitidwa opaleshoni kapena ataferedwa. Pofika nthawi imeneyo mayi amakhala ataiwala za matenda aja, ndiye amayamba kuganizira mnansi amene anakangana naye pampopi. Mayi wotereyu akapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi, kapena a chithokomiro, kapena kungouzidwa kuti adikire miyezi ingapo, tsitsi lake limabwerera. Chimene akusowa ndi munthu womupima.

Koma nkhani yaikulu kwa mayi wachikuda ili pa zimene mutu wake wadutsamo asanafike zaka 45. Ambiri amayamba kuluka ndi kuika mankhwala owongola tsitsi akangomaliza sukulu, ndipo pofika msinkhu wosiya kusamba amakhala atachita zimenezi kwa zaka zoposa 20. Aliyense amene anakhalapo pabenchi ya saluni tsiku Loweruka amadziwa mmene mutu wolukidwa kumene umaonekera: khungu la pachipumi litakokeka mpaka nsidze kukwera, timatuza toyera titandanda m'mphepete mwa tsitsi, mwini wake akufunsa Panado, usiku n'kugona chafufumimba poti mutu sukufuna pilo. Timati kukongola n'kupirira, ndipo woluka amene samanga zolimba amatchedwa wosadziwa ntchito. Dokotala wa khungu wa ku yunivesite ya Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, anafufuza anthu a ku Langa ndipo mu 2007 anafalitsa zoti amayi pafupifupi 32 mwa 100 alionse anali atatha tsitsi la m'mphepete chifukwa cha kukokedwa, ndipo ngozi inali yaikulu kwambiri kwa amene ankaluka meshi patsitsi loikidwa kale mankhwala. M'pomveka, pakuti ambiri mwa mankhwala owongolawa amapangidwa ndi kositiki soda, yemwe uja timapangira sopo. Tsono taganizirani mizu imene yatopa kale chotero ikufika pamene esitirojeni yatsika. Mayi akaona kuti m'mbali mwayera, amapempha woluka kuti agwire ngakhale titsitsi tating'ono totsalato kuti abise malo oyerawo, kapena amamata wigi ndi guluu pamzere womwewo. Chobisira vuto chimasanduka chokulitsa vuto.

Apa m'pamene nthawi imakhala ya mtengo wapatali. Bulugamu ukadulidwa umaphukiranso malinga chitsa chili chamoyo, koma chitsacho chikatenthedwa palibe mvula imene ingachidzutse. Muzu wa tsitsi nawo umapirira kukokedwa kwa nthawi ndithu, ndipo munthu akasiya msanga umameranso, koma ukafa pamalopo pamabwera chipsera, khungu limasalala n'kumanyezimira, timabowo ta tsitsi osaonekanso. Pali matenda awiri a chipsera amene amagwira amayi a msinkhu uno. Oyamba, amene madokotala amawatchula mwachidule kuti CCCA, amapezeka makamaka mwa amayi achikuda. Amayambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira, nthawi zina ndi kuyabwa kapena kuwawa munthu akakhudza. Mu 2019 gulu la akatswiri, kuphatikizapo Ncoza Dlova wa ku yunivesite ya KwaZulu-Natal, linaonetsa kuti ena mwa odwala ali ndi chosiyana mu jini yotchedwa PADI3, kutanthauza kuti matendawa amatha kuyenda m'banja ndipo si mlandu wa saluni yokha. Achiwiri, amene dokotala wa ku Australia Steven Kossard anawafotokoza koyamba mu 1994 mwa amayi osiya kusamba, amabwezera mzere wa tsitsi m'mbuyo kuchokera pachipumi ndipo kawirikawiri nsidze nazo zimatha. Matenda onse awiriwa amatha kuimitsidwa ndi mankhwala oletsa kutupa akadziwika koyambirira, koma pamene padyeka kale sipabwerera. Mayi amene watha zaka zitatu akudzola mafuta a nsatsi pansi pa wigi, akuyembekeza, amakhala akutaya zaka zimene akanapulumutsa tsitsi lotsalalo.

Nanga n'chifukwa chiyani palibe amene amamuuza zimenezi? Chifukwa zipatala zathu zimamudziwa mayi pamene akubereka. Ali woyembekezera amamupima magazi kusikelo, amamupatsa mapiritsi a ayironi ndi masikito, amamulemba m'kaundula. Akabereka amamuonanso kusikelo ya mwana, kenako kuchipinda cha kulera. Akangosiya kubereka, khomo lolembedwa dzina lake limasowa. Ngakhale kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imachita amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49 okha, ndiye kuti timasiya kuwerenga mayi pa chaka chomwe mavuto awa akufika pachimake. Kale zimenezi zinali ndi chifukwa chomveka, poti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosafika 50. Lero zaposa 60, ndipo china chimene chathandiza ndi ma ARV aulere amene anayamba kuperekedwa mu 2004. Amayi amene anayamba kumwa mankhwalawa ali ndi zaka 25 kapena 30 ndi omwewa akusiya kusamba tsopano. Iwowa amakumbukira bwino nthawi ija tsitsi lopepuka linkachititsa anthu kunong'onezana m'minibasi ndi pamaliro, ndipo akuluakulu ankalitchula pamodzi ndi kanyera ndi tsempho. Manthawo sanathe. Mayi wa mbadwo umenewu, kaya ali ndi kachilombo kaya alibe, akaona tsitsi likupyapyala amathamangira kubisa asanaganize n'komwe zofunsa.

Wina anena kuti dziko limene mankhwala a malungo amasowa m'zipatala, limene kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, silingataye nthawi ya namwino pa tsitsi. Ndi mfundo yolemera ndipo sindikuipeputsa. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la dziko la Taiwan, chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa mpaka ku Mzimba ndi ku Likoma, ndipo palibe wanzeru amene angapemphe kuti chitsegule wodi ya tsitsi. Koma onani zimene namwino amapeza akangofunsa mayi wa zaka 47 chifukwa chake tsitsi likutha. Funso lotsatira ndi la msambo, ndipo pamenepo amamva za magazi otuluka masiku khumi, amene mayiyo ankati ndi mmene msambo umatsanzikirira. Kapena amamva kuti msambo unasiya chaka chatha koma wayambiranso, chizindikiro chimene m'dziko ngati lathu, lomwe lili m'gulu la mayiko okhala ndi khansa ya khomo la chiberekero yochuluka kwambiri padziko lonse, sichiyenera kugonetsedwa ngakhale sabata imodzi. Amapima kuthamanga kwa magazi ndi shuga, matenda amene amachuluka pamsinkhu womwewu ndipo sapweteka mpaka atawononga. Kutopa mayi amakupirira, kutentha thupi usiku amakubisa, za m'chipinda sazinena, koma tsitsi amaliona pagalasi tsiku ndi tsiku ndipo limamupweteka mtima. Ngati ndi limene lingamufikitse pakhomo la chipatala, kumubweza ndi mawu akuti amayi pitani, si matenda amenewo, n'kutaya mwayi wogwira matenda akupha akadali aang'ono.

Wina anenanso kuti agogo athu anasiya kusamba osadandaula, ndipo kusandutsa ukalamba kukhala matenda ndi nzeru zachilendo zongofuna kutigulitsa mankhwala. Theka la mawu amenewa ndi loona. Kusiya kusamba si matenda, ndipo mayi amene wasankha kumeta n'kuyenda ndi imvi zake poyera, monga ankachitira amayi ambiri akale, sakusowa chithandizo cha munthu. Ngakhale mankhwala obwezera mahomoni, amene amathandiza pa kutentha thupi kosautsa, madokotala sawapereka chifukwa cha tsitsi lokha. Koma agogo aja sanathe zaka 25 akuika kositiki m'mutu ndi kupachika meshi yolemera, ndiponso sankaima kutsogolo kwa kalasi kapena pakauntala ya banki pamene maonekedwe amawerengedwa. Komanso kugulitsidwa mankhwala kumene tikuopako kukuchitika kale, kungoti ogulitsawo si achipatala. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pali mafuta omeretsa tsitsi m'masabata awiri, m'mabotolo opanda dzina la wopanga kapena mndandanda wa zimene zilimo, pomwe tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi yokha pamwezi. Pali mapiritsi a biotin, amene sathandiza munthu yemwe sakuperewera vitamini ameneyu, ndipo mu 2017 bungwe la FDA ku America linachenjeza kuti amasokoneza zotsatira za magazi ku labu. Zina mwa zotsatira zimene zimasokonekera ndi za chithokomiro chomwe tikufuna chipimidwecho. Mankhwala opaka amene anayesedwa n'kupezeka kuti amathandiza pa kupyapyala kwa mahomoni ndi minoxidil, koma nawo ali ndi malire amene wogulitsa sanena: amatenga miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti munthu aone kusintha, ukasiya tsitsi limabwerera mwakale, pachipsera sameretsa kanthu, ndipo mayi amene angathe kutenga mimba ayenera kufunsa kaye. Chipatala chikakhala chete, mayi sasiya kufuna thandizo. Amangolipeza kwa munthu amene phindu lake lili pa kusachira kwake. A bungwe loona za mankhwala la PMRA ndi a Malawi Bureau of Standards ali ndi ntchito pamabotolo amenewa.

Chotsutsa chachitatu chimachokera kwa amayi eni ake, ndipo n'chimene ndimachilemekeza kwambiri: mutu ndi wanga, wigi imandipatsa ulemu, ndipo saluni zikudyetsa mabanja ambiri ku Zolozolo, ku Chiputula ndi ku Mchengautuwa. Dziko lino linaonapo kale boma likulamula za kutalika kwa tsitsi la amuna ndi zovala za akazi kuyambira mu 1973, ndipo palibe akufuna kubwerera kumeneko. Wigi payokha ilibe mlandu. Yovala popanda guluu, pamwamba pa tsitsi lolukidwa momasuka, yovulidwa usiku, ikhoza kupumitsa mutu kuposa meshi. Chimene chikufunika n'chakuti mayi asankhe akudziwa. Adziwe kuti kuluka kukapweteka ndiye kuti mizu ikuvulala, kuti mankhwala owongola ndi meshi siziyenera kukumana pamutu umodzi nthawi imodzi, ndiponso kuti kafukufuku wa ku America wa 2022, amene anatsatira amayi oposa 33,000, anapeza kuti ogwiritsa ntchito mankhwala owongola koposa kanayi pachaka ankadwala khansa ya chiberekero kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi osagwiritsa ntchito. Kafukufukuyu sanatsimikize kuti mankhwalawo ndiwo amayambitsa khansayo, koma mayi wa zaka 50 ali ndi ufulu womva zimenezi asanakhale pampando. Ndipo woluka si mdani pankhaniyi. Ndi iye yekha mumzinda muno amene amaona paliwombo pa mayi mwezi ndi mwezi, malo amene mwini wake saona pagalasi. Ataphunzitsidwa kuzindikira khungu losalala lopanda timabowo, matuza ndi nsidze zotha, akhoza kunena kuti amayi, apa ndisaluke, kaonetseni kaye kuchipatala. Kasitomala amene tsitsi lake lapulumuka ndi amene adzabwerenso.

Zimene zikufunika sizidya ndalama zambiri. Malo oyambira alipo kale, ndipo ndi chipinda cha kulera. M'kafukufuku uja wa 2015 mpaka 2016, amayi apabanja 30 mwa 100 alionse ankalera ndi jakisoni wa miyezi itatu, ndipo jakisoniyu amaimitsa msambo mwa ambiri, moti mayi wa zaka 46 sangadziwe ngati wayamba kusiya kusamba kapena ayi. Namwino amene akumubaya kuchipatala cha Mapale ndiye woyenera kumufunsa za tulo, za kutentha thupi, za magazi ndi za tsitsi, n'kulemba m'buku lake la kuchipatala. Chimodzimodzi kukiliniki ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndi kumene anthu amalandirira ma ARV. Mzinda uno ndi madera oyandikana nawo amaphunzitsa anamwino ku yunivesite ya Mzuzu, ku St John's ndi ku Ekwendeni, ndipo kuwonjezera maphunziro a kusiya kusamba ndi a matenda a m'mutu mwa munthu wachikuda n'kotheka, poti mabuku ambiri a zachipatala amaonetsa zithunzi za khungu loyera. A bungwe la maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA angachite chimodzimodzi kwa ophunzira za saluni. Wailesi za Voice of Livingstonia ndi Tigabane zimafika m'makhitchini mwa amayi amenewa m'Chitumbuka, ndipo tsiku la 18 October, limene dziko lapansi limakumbukira nkhani ya kusiya kusamba, ndi poyambira pabwino. Magulu a Umanyano ndi a banki mkhonde amasonkhanitsa amayi a msinkhu umenewu sabata ndi sabata. Alangizi amene amadziwa kulangiza namwali ndi mkwatibwi angathe kuitana namwino kuti adzalankhulenso ndi amayi a mkwatibwiyo. Amuna nawo amve, chifukwa nthabwala ya bambo yonena za dazi la mkazi wake ndi imodzi mwa zinthu zimene zimachititsa duku kugona m'mutu usiku wonse.

Pamene tikudikira zonsezi, mayi amene tsitsi lake lakhala likuchepa kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi, kapena amene paliwombo pakumuyabwa, pakuwawa kapena pasalala, apite kuchipatala atamasula tsitsi kuti wopima aone khungu. Atenge mabotolo onse a zimene akudzola ndi kumwa, anene ngati akumwa biotin asanamutenge magazi, afotokoze mmene msambo wakhala ukuyendera chaka chonse, ndipo apemphe kuti apimidwe kuchuluka kwa magazi. Ngati khungu laoneka kuti layamba chipsera, apemphe kalata yomutumiza kwa woona za matenda a khungu.